Ulemerero wa Timafupa Titatu

Pakati pa makadi onse a masewero a pa foni otchedwa Clash Royale, amene kampani ya Supercell ya mumzinda wa Helsinki ku Finland inatulutsa mu 2016, palibe khadi loyenera kuwombedwa m'manja kuposa la Skeletons, lomwe limaponya m'bwalo timafupa titatu toyenda tokha, topanda mnofu ndi chishango chomwe. Wosewera aliyense amalowa m'nkhondo ndi makadi 8, ndipo khadi lililonse lili ndi mtengo wake wa elixir, omwe ndi madzi a mphamvu odzaza pang'onopang'ono mpaka madontho 10. Timafupato timamwa dontho limodzi lokha, pamene P.E.K.K.A, chimphona chovala zitsulo chimene ongoyamba kumene amachiyesa chosagonjetseka, chimameza madontho 7.

Ukulu wa ngwazi zimenezi wagona pa luso lawo la kufa mwaulemu ndi pa nthawi yake. Popeza chimphona chija chimakantha mdani mmodzimmodzi, ndiponso chimachedwa kukweza lupanga, wosewera wanzeru amaika timafupa pakati pa bwalo, chimphonacho n'kupatuka panjira kuti chitithamangitse, ndipo pamene chikutaya nthawi ndi kuphwanya nthiti zopanda phindu, nsanja zoteteza mfumu zimachilasa mivi mosalekeza. Chimodzimodzinso Prince, kalonga wokwera hatchi amene amathamanga ndi mkondo kuchokera kutali, amathera ukali wake wonse pa kafupa kamodzi, zimene ziyenera kuchititsa manyazi banja lonse lachifumu. Kuwonjezera apo, m'manja mwa wosewera mumakhala makadi 4 okha nthawi imodzi, motero khadi lotchipa likaponyedwa msanga limatsegulira njira khadi lofunika kuti libwerenso mdani asanakonzeke, ntchito imene akatswiri amaitcha kuzunguza makadi.

Kwa mnyamata wa ku Chitakale kapena ku Limbuli, amene bandulo ya intaneti amaigula atawerenga kawiri ndalama za m'thumba, khadi limeneli ndi mbale weniweni. Anzake a kumayiko olemera amakweza makadi awo mofulumira pogula timiyala ta m'masewerowo ndi madola, chinthu chimene chinafika patali kwambiri kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, koma timafupa sitifunsa kuti mwini wake ali ndi khadi la kubanki kapena ayi. Kwa mnyamatayu, gulu la makadi oopsa limafanana ndi Sapitwa, nsonga ya phiri yotalika mamita 3,002 imene anthu akutali amaitchula monong'ona, chonsecho amuna a ku Likhubula amaikwera atasenza zikwama za alendo.

Otsutsa, omwe sasowa paliponse pamene wonyozeka watamandidwa, amanena kuti timafupa timatha ndi mphepo yomwe, ndipo pamenepa akunena zoona, pakuti Mega Knight, amene amagwa kuchokera kumwamba ndi kuswa zonse zomuzungulira, amatifafaniza tonse kamodzi osatizindikira n'komwe. Mphezi ya Zap ndi chipika chogubuduzika cha The Log nazonso sizitisiyira mpata wopuma, ngakhale kuti wosewera amene wapsa mtima mpaka kutiponyera zida zimenezi amalipira madontho awiri kuti aphe chinthu cha dontho limodzi, ndipo malonda otere ngakhale wogulitsa nanazi pamsika wa Muloza sangawavomere.