Kuchulukana n'kwabwino, nanga ndiwo?

Amene anayamba kunena kuti kuchulukana n'kwabwino, kuipira kutha ndiwo m'mbale, ndikumuganizira kuti anali mzime. Ankati akamamaliza kusamba m'manja, achimwene ake atatha kale usipa, iye n'kumangopukuta mbale ndi mbamu.

Lero pamphasa tadzadzapo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo 17.5 miliyoni, anthu 186 pa sikweya kilomita iliyonse: Kummwera 244, Kumpoto 84. Koma musafulumire kuimba mlandu azamba.

Tengani mayi wa mandasi mukamusiye pa Nyika. Mpweya wabwino, malo ambirimbiri, koma mbidzi sizigula mandasi. Mayi yemweyo mukamuika pa Limbe, beseni limatha tiyi asanazizire. Ndalama yake imapita kwa wogulitsa fulawa, uyo alipira wa kabaza, wa kabaza apita kwa wowotcherera ku Ndirande, wowotcherera naye abwerera kudzagula mandasi. Ndalama imodzi yadyetsa makomo anayi dzuwa lisanafike paliwombo. Kumene anthu atalikirana, ndalama yomweyo imagona pamfundo ya chitenje mpaka tsiku la msika.

Likulu litachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, anthu analondola fungo la mphika. Pofika 2018 Lilongwe anali ndi anthu pafupifupi 990,000, Zomba 105,000. Akalipentala a ku Mchesi mu Lilongwemo amapanikizana mumsewu umodzi, ndipo ndicho chimawagulitsa: wofuna bedi amadziwa kolowera, ndipo wosowa misomali amabwereka kwa mnzake amene akulimbirana naye kasitomala.

Nanga Chiradzulu, kumene anthu ali ngati nyerere, bwanji sichinasanduke Johannesburg? Chifukwa kuchulukana pamsika kumachulukitsa, pomwe kuchulukana pamunda kumagawa. Munda wa agogo wagawidwa kwa ana, kenaka kwa adzukulu, moti ukayetsemula pa mzere wako umanyowetsa chimanga cha msuweni. Ndipo pofika 2018, Amalawi 84 mwa 100 alionse anali akadali kumudzi.

M'tauni namo mzime akulirabe. Tambala woyamba, zidebe zandanda kale pampopi. Magetsi amabwera ngati mlamu wa ngongole, usiku anthu atagona. Mumsewu, woyenda pansi amapitirira Benz n'kuipatsa moni.

Mwambiwu tinaumva theka. Agogo sankati tithamangitse ana pamphasa. Ankapita kudimba, n'kugula mphika wokulirapo. Misewu, madzi ndi magetsi ndiye mphika wa tauni. Ife taitana mudzi wonse ku ukwati, koma tikuphikira m'kasefuliya ka tiyi.