Dzina la Galu pa Mdadada wa ku Ndirande

Makolo athu a kumudzi, amene adali anthu odziwa kusunga ulemu ngakhale mtima uli kuwira, sankatcha galu dzina mwachisawawa, pakuti galu ndiye adali kalata ya munthu wosafuna kukangana ndi mnansi wake maso ndi maso. Mayi akamva kuti akumudya miseche kumtondo kapena kuchitsime, m'malo mopita kukafunsa mwini mawuwo, chimene chikadabala mlandu wolipa nkhuku pabwalo, ankangopeza kagalu nakatcha Amanena, kapena Mwandida, kapena Ndilekeni; ndipo madzulo aliwonse, poitana galu wakeyo kuti adzadye mkute, ankalalikira mudzi wonse popanda womugwira pakamwa, popeza palibe nyakwawa imene idazengapo munthu mlandu chifukwa choitana chiweto chake. Wolasidwayo ankamva, nameza malovu, ndipo akakhala wochenjera ankapeza wakenso galu namutcha Nanunso.

Ife a m'tauni timati zimenezi tidazisiya. Agalu athu ndi a Bruno, a Tiger, a Spot ndi a Danger, maina amene agogo athu adatola kumipanda ya Azungu ku Sunnyside ndi ku Mandala pamene ankagwira ntchito yophika ndi yothirira maluwa. Ndipo ubwino wa maina amenewa ndi wakuti sanena kanthu, chotero salasa munthu. Koma ngakhale tidasamutsa mipando ndi mapoto kudza nazo mumzinda, makutu athu adatsala kumudzi, ndipo kufikira lero galu akangotchedwa dzina lomveka m'chinenero chathu, mdadada wonse umatchera khutu kufuna kudziwa kuti kalatayo alembera yani.

Pa mdadada wina ku Ndirande, wa zitseko zisanu ndi zitatu zotunga pa mpopi umodzi ndi kuyanika zovala pa chingwe chimodzi, pamakhala telala wina, munthu wofatsa ndi woopa Mulungu, amene ana ake atatu adatola kagalu kachikasu m'ngalande ya kumsika naumirira kukasunga, ngakhale mayi wawo adanena momveka kuti m'nyumba imene ndiwo sizigona mulibe malo a pakamwa pachisanu ndi chimodzi. Masiku amenewo msewu wa kumtunda udali kukonzedwa, ndipo ana onse a m'deralo akaweruka kusukulu ankakhala chiimire mpaka dzuwa kupendeka, kuonerera chimakina chachikasu cholembedwa Caterpillar m'nthiti mwake, dzina la kampani ya ku America imene idayamba mu 1925, limene ife tidalipinda ndi lilime lathu n'kumatcha nalo chimakina chilichonse chokumba dothi, kaya adachipanga ndani. Tsono poona kuti kagalu kawo n'kachikasu, ndiponso kuti ntchito yake kuyambira m'bandakucha n'kufukula dothi ndi miyendo yakutsogolo n'kuliunjika kumbuyo, anawo sadachedwe kupangana: kagaluko kadatchedwa Katapila.

Ana adalibe mlandu. Koma nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Pa chitseko chotsiriza cha mdadadawo, chokhacho chokhala ndi khonde la simenti yofiira ndi maluwa a m'zitini, pamakhala mkulu wa mpingo, bambo wosavula jekete ngakhale mu Okutobala, wodziwika ndi mapemphero aatali ndi mtima wothandiza. Kuthandiza kwakeko kuli motere: munthu akasowa ya lendi, kapena fizi ya mwana, kapena ya basi yopitira kumaliro ku Mulanje, amagogoda usiku nalandira K20,000, ndipo mwezi ukatha amabweza K30,000, akalephera, K10,000 yapamwambayo imabalanso ana akeake, ndipo pofuna kuti wothandizidwayo asavutike ndi kuiwala, mkuluyo amamusungira khadi yake ya kubanki, kapena wailesi, kapena simbi, kufikira tsiku la malipiro. Ndalama yapamwambayo dzina lake ndi "kathokozo", ndipo ntchito yonseyo dzina lake ndi "kuthandizana". Dzina lina lija, limene Mmalawi aliyense amalidziwa, limene alaliki amalitchula akafika pa Nehemiya ndi akuluakulu a Ayuda amene ankasautsa abale awo ndi chiwongoladzanja, silidamvekepo pa mdadadawo zaka zonse. Sikuti anthu sankalidziwa ayi, koma mwa zitseko zisanu ndi zitatu zija, zisanu ndi ziwiri zidali zolembedwa m'kope lachikuto chakuda limene mkuluyo ankayenda nalo pamodzi ndi Buku Lopatulika. Ndipo khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Tsono taganizani mmene kudakhalira pamene dzina lobisidwa chotero lidayamba kufuulidwa m'mawa ndi madzulo ndi timawu ta ana osadziwa kunong'ona.

"Katapila, choka pakhomo pa eni ake!"

"Amayi, Katapila wadya ndi ndiwo zamawa zomwe!"

"Iwe Katapila, sukhuta kodi? Dzulo lomweli takupatsa!"

Ndipo tsiku lina Lamulungu, mkulu wa mpingo alikutseka chitseko chake, Buku lili kukhwapa, nsapato zikunyezimira, kamtsikana kotsiriza ka telala kadaona galu akutsata anthu kumsewu, nikafuula ndi mphamvu zake zonse kuti, "Katapila, bwerera! Iwe kutchalitchi sakufuna!" Mkuluyo adaima, nacheuka, nakonza tayi imene idali yokonzeka kale, napitirira ulendo wake.

Amayi a pampopi, amene kale sankatha kuona galu osamutolera mwala, adagwidwa mwadzidzidzi ndi chikondi cha ziweto, kotero kuti mwana wa telala sankadutsa osafunsidwa za moyo wa galu wake, ndipo mafunsowo ankamveka bwino kufikira pa khonde lofiira lija. "Kodi Katapila wadzuka bwanji, mwanawe? Wayamba kale kuyendera makomo?" Wina, maso ali m'ndowa, ankayankha kuti, "Akunenepatu masiku ano. Nanga si tonsefe tikumudyetsa." Panalibe woseka, panalibe wotchula munthu, ankangosenzetsana mitsuko ndi zidebe mwaulemu wonse, aliyense nalowa m'nyumba mwake kukamalizira kuseka m'chitenje. Ine sindiwadzudzula amayi amenewa, pakuti munthu amene wakhala zaka zambiri akuthokoza mogwada amene amamulanda, ngati wapatsidwa mpata wonena zoona kudzera pa galu wa eni, ayenera kukhala mngelo kuti aukane, ndipo angelo sakhala m'nyumba za lendi.

Chimene chidatulutsa nkhaniyi kunja kwa mdadada ndi katemera. Kuyambira 2015, a Mission Rabies akhala akubaya agalu a mu Blantyre katemera wa chiwewe kwaulere, ndipo tsiku lotero bwalo la sukulu limadzaza ndi ana okoka agalu pa zingwe zamitundumitundu, ena nthambo zamagetsi, ena mipango ya amayi awo. Mnyamata wolemba makadi, amene sadali wa m'deralo, adafunsa dzina la galu nalilemba, adafunsanso kumene amakhala, ndipo mwana wamkulu wa telala, wophunzitsidwa kuti pofotokoza malo uzitchula munthu wodziwika, adati, "Pa mdadada wa akulu ampingo." Nthawi yawo itakwana, mnyamatayo adakweza mawu pamaso pa khamu lonse: "Katapila wa kwa akulu ampingo, bwerani naye kuno! Mumugwire bwino, ameneyu akuoneka woluma!" Mawu amenewa adafika pa mdadada galuyo asanafike.

Apa mkuluyo adapezeka pakati pa moto ndi madzi, pakuti kukhala chete kudali kupsa, koma kudandaula kudali kuvomera. Akadapita kwa mfumu ya m'dera kukanena kuti ana a telala akundinyoza, mfumuyo ikadafunsa, monga mwa udindo wake, kuti kodi dzina la chimakina cha pamsewu likukukhudzani bwanji, bambo. Ndipo funsolo likadakhala lovuta kwa onse awiri, popeza mfumuyo idali pa tsamba lachitatu la kope lija. Chotero madzulo ena adavala jekete lake labwino, nayenda mapazi ochepa olekanitsa chitseko chake ndi cha telala, naima nati, "Odi kuno!"

"Lowani, bambo, lowani. Iwe, apatse agogo ako mpando."

Adafunsana za moyo, za mayi a kunyumba, za ana, za kukwera kwa mtengo wa ulusi ndi za mvula ya ku Thyolo, kufikira tiyi adazizira; pamenepo mlendoyo adatsokomola nati, "Mnansi wanga, ndangoti ndidzacheze, palibe choipa ayi. Koma ndakhala ndikusinkhasinkha za Adamu kholo lathu, kuti pamene adapatsidwa udindo wotcha nyama maina m'munda muja, adali munthu wamkulu, wamaganizo okhwima. Ntchito imeneyi siidapatsidwe kwa ana."

"Zoona, bambo, zoonadi," adatero telala, maso ali pansi, ngakhale mumtima adakumbuka kuti masiku amenewo padziko padalibe mwana woti n'kumupatsa ntchito iliyonse.

"Ndiponso galu wokongola chotere, wamaonekedwe achizungu, ayenera dzina lachizungu, kuopa kuti odutsa angatiyese osaphunzira." Adapumira pang'ono, nasisita kope lija pabondo pake. "Kodi lero ndi pa 27 kapena pa 28? Masiku akuthamangatu, mwezi uno wafupika."

Telala adamva, pakuti makina ake osokera ndiwo adali chikole.

Usiku womwewo kudachitika bwalo la m'banja, ndipo misozi itatha, bamboyo, pokhala munthu wachilungamo, adalola ana kuti asankhe okha dzina lina. Wamkulu adati Kaunjika, popeza galuyo amakonda kugona pa mulu wa zovala zakuda. Koma mayi adagwira pakamwa, pokumbuka mayi a chitseko chachitatu, amene madiresi awo onse amati amatumiza ndi mlongo wawo wa ku Johannesburg, ngakhale anthu amawaona m'mamawa kumsika wa Limbe akudikira kuti belo litsegulidwe. Wachiwiri adati Ganyu, popeza galuyo amayenda khomo ndi khomo. Koma bambo adapukusa mutu, pokumbuka bambo a chitseko chachisanu, amene amatuluka ndi tayi ndi chikwama nati ofesi yawo ili ku Ginnery Corner, chikhalirecho m'chikwamamo muli ovolosi yosenzera katundu ku depoti ya Wenela. Kamtsikana kaja, kamene kamakonda kwambiri mlongo wa mayi ake, kadati basi akhale Ankolo; ndipo apa bambo ndi mayi adadzuma pamodzi, chifukwa chitseko chachiwiri chimalandira Lachisanu lililonse ankolo ena a galimoto, amene ubale wawo palibe adautsata n'kuupeza. Pamenepo telala adazindikira kuti pa mdadadawo padalibe mawu ngakhale amodzi opanda mwini wake, nagamula kuti galuyo ndi Bruno. M'mawa chigamulocho chidalengezedwa pampopi, ndipo mkulu wa mpingo adayamika nzeru za mnansi wake, namuonjezera masiku atatu.

Cholakwika chidali chimodzi chokha, chakuti galuyo sadaitanidwe ku bwalolo. Ana akati "Bruno", iye ankayang'ana kumsewu kuona ngati kukubwera galu wina.

Loweruka lotsiriza la mwezi wotsatira, masana, mkuluyo adakhala pa khonde lake lofiira kulandira mathokozo, dzanja limodzi likutola usipa wokazinga m'mbale, lomwelo likutembenuza masamba a kope. Ndipo atalowa m'nyumba kukatsekera ndalama m'sutikesi, adasiya kopelo pampando. Galu, amene sadziwa kuwerenga koma amadziwa fungo la mafuta a nsomba, adalinyamula mwaulemu, napita nalo pafupi ndi mpopi, nagona pansi, naligwira ndi miyendo iwiri, nayamba ndi chikuto.

Mdadada wonse udatuluka, ndipo kumvera kumene kudaoneka tsiku limenelo sikudaonekepo mu Ndirande. Aliyense, pokumbukira chifuniro cha akulu ampingo, adaitana "Bruno, Bruno," ndi mawu ofewa osadzutsa ngakhale khanda, popanda wosuntha phazi. Mphunzitsi wa chitseko choyamba, amene khadi yake ya kubanki idagona m'sutikesi muja kuyambira Januwale, adafika poliza zala, koma atayang'ana kwina. Ana a telala adafuna kufuula dzina limene galu amalidziwa, koma mayi wawo adawatseka pakamwa nati, "Mwaiwala zimene adanena agogo anu?" Mkuluyo adatuluka, naona, nathamanga, galu adayesa masewera, nazungulira mpopi katatu, nagonanso potero, napitiriza ntchito yake. Tsamba loyamba lidapita, lachiwiri lidatsatira, ndipo mano atafika pa tsamba la mfumu, mkuluyo adaima, jekete lili pululu, thukuta lili kamukamu, nayang'ana zitseko zisanu ndi ziwiri ndi nkhope zofatsa zoima pamenepo; ndipo poona kuti chipulumutso sichichokera kwina, adatukula mutu nafuula ndi liwu lija limene amatsekera nalo mapemphero:

"Katapila! Katapila, bwera kuno!"

Galu adagwetsa makutu, nanyamula chotsala cha kopelo, nabwera akugwedeza mchira, nachitula pa mapazi a mkuluyo, nanyambita nsapato zake. Panalibe woseka ngakhale mmodzi. Mayi a chitseko chachitatu okha, akutsuka mbale imene idali yoyera kale, ndiwo adati, "Taonani nzeru za nyamazi, wamvera mwini dzina."

Iwo amene masamba awo adadyedwa adagona Loweruka ndi Lamulungu akuyembekeza chaka cha Ufulu chija cha m'buku la Levitiko, ndipo ena adagulira galuyo mitu ya nsomba. Lolemba m'mawa mkuluyo adayenda khomo ndi khomo ndi kope latsopano, natchula pamtima ngongole ya aliyense, tsiku lake ndi ana ake, osaphonya ngakhale tambala imodzi. Ndipo pa tsamba la telala adaonjezerapo K2,000 ya kopelo, pamodzi ndi kathokozo kake.