Tauni yonse yalowa m'mimba mwa atelala

Ku Ndirande masabata ano anthu ayamba apumirako kudandaula za mafuta a galimoto ndi mtengo wa shuga. Nkhani ili m'kamwam'kamwa ndi ya m'mimba mwa atelala, aja amasokera pakhonde la golosale moyang'anana ndi mpopi. Bambowa anayamba ndi chilungulira nthawi ya mango, kenako kugeya kosalekeza, kenako kuwawa kwina pamene nthiti zimakumana, kowadzutsa tambala asanalire. Kuchipatala anawalembera zinthu ziwiri m'buku: apititse chimbudzi chikayezedwe, ndipo adzabwere tsiku lakutilakuti kudzameza kapaipi ka kamera koonera m'chifu. Tsikulo linali likadali patali. Atelala anaganiza zopepukitsa mtima pouzako munthu mmodzi yekha, ndipo mwa anthu onse a mu Ndirande anasankha wometa.

Pofika madzulo benchi yonse ya kometera inali itagamula kale mlandu. Ndi zilonda za m'mimba, basi. Aliyense pabenchipo anapezeka kuti nayenso ali nazo zilondazo, wina kuyambira nthawi ya Kamuzu, koma nditafunsa kuti anaziona ndani, panalibe woyankha. Kuno zilonda sitiyezetsa, timangodziwa. Wometa, makina ali m'manja, anafotokoza kuti magwero ake ndi atatu: maganizo, kambuzi, ndi kudumphitsa nsima ya masana. "Achimwene aja amaganiza kwambiri," anatero. "Ana atatu ku sekondale, m'mimba mungapirire?"

Mnyamata wina wophunzira udokotala, amene amachita lendi kuseri kwa tchalitchi, anali pampando mutu utametedwa mbali imodzi, choncho kothawira analibe. Iye anati zilonda zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, kamene kamakhala m'chifu, ndipo pafupifupi theka la anthu padziko lonse ali nako, ambiri osadwala n'komwe. Anasimba za madokotala awiri a ku Perth, ku Australia, Robin Warren ndi Barry Marshall, amene anakatulukira mu 1982 koma anzawo osawakhulupirira, poti nthawi imeneyo ankaphunzitsa kuti m'chifu asidi ndi wochuluka moti tizilombo sitingakhalemo. Mu 1984 Marshall anatopa nazo. Anatenga tizilomboto n'kugugudiza, patapita masiku ochepa n'kuyamba kusanza, ndipo kamera inaonetsa m'chifu mwake mutatupa. Mu 2005 awiriwo analandira mphoto ya Nobel. Benchi inakhala duu kwa kanthawi. Kenako mkulu wina anati munthu wotero kuno akanamumanga ndi chingwe n'kupita naye ku Zomba, mphotoyo akanakalandirira komweko.

Chimene chinasokoneza mtendere ndi zomwe mnyamatayo anawonjezera akutsanzika. Anati gwero lachiwiri la zilonda ndi mankhwala opha ululu a mtundu wa brufen, diclofenac, indosidi ndi asipirini, chifukwa amafooketsa chitetezo cha khoma la chifu, makamaka munthu akamamwa tsiku ndi tsiku. Aliyense akudziwa kuti atelala amadwala msana chifukwa chowerama pamakina, ndipo m'mawa uliwonse amameza brufen tiyi asanamwe. Aliyense akudziwanso kumene amagula. Kuyambira tsiku limenelo, mwini golosale ndiye wasanduka mtsogoleri wa gulu lonena kuti vuto ndi maganizo.

Kumpopi amayi alibe nthawi ya za ku Australia. Kumeneko funso ndi loti anawadyetsa ndani. Ena akuloza telala wachinyamata amene watsegula kumene pafupi ndi siteji, ena akukumbutsa za nyama ya mbuzi ya paukwati wa ku Chirimba, ndipo mayi mmodzi akulumbira kuti zoterezi zimayamba munthu akadya kumaloto. Mphekesera yomwe inapweteka kwambiri ndi yoti vuto ndi kaphikidwe ka akazi awo. Mayiwo sanayankhe ndi pakamwa, anayankhira m'poto. Anachotsa mafuta, tomato, anyezi, tsabola, nyemba, therere la soda ndi tiyi, n'kutsala phala la mgaiwa ndi nthochi zowiritsa. Ndi chakudya chimenecho ngakhale wonyamula katundu wa mumsika wa Limbe angathe thupi. Loweruka lina ndinawapeza atelala akubweza m'chiuno mwa thalauza, tepi ili pakhosi, singano zili pamilomo. Nditafunsa kuti ndi la kasitomala uti, anangoloza pachifuwa pawo. Amayi a kumpopi nawo anaona, ndipo mawu akuti "mwaona mmene atheramo?" anayenda mpaka anafika pakhonde pomwepo. Usiku umenewo ngakhale phala silinalowe.

Mankhwala akubwera okha, opanda woitanitsa. Pawindo la golosale pafika madzi a kabichi wosinja, uchi wa ku Mulanje, masamba a nimu, alovera, ndi botolo lofiirira logula m'basi, limene malinga ndi pepala lake limachiritsa zilonda, shuga, BP, komanso kudzutsa abambo amene nyumba yawakanika. Apongozi awo akukakamira mkaka, kapu iliyonse ululu ukayamba. Mkaka umaziziritsadi kwa mphindi zingapo, kungoti pambuyo pake chifu chimatulutsa asidi wina woti chigayire mkaka womwewo, ndiye munthu amadzukanso pakati pa usiku kufuna kapu ina. Mphatso yooneka yanzeru kuposa zonse inachokera kwa alamu awo a ku Johannesburg, amene anatumiza mapaketi a omeprazole ndi amoxicillin pa basi. Mwamwayi mnyamata wa udokotala anadutsa asanatsegule. Omeprazole amachepetsa asidi ndipo munthu amapezadi bwino, koma amabisa kachilombo kaja, moti poyeza chimbudzi zotsatira zimatha kunama kuti mulibe. N'chifukwa chake madokotala amati munthu akhale masabata awiri osamwa omeprazole, ndi masabata anayi osamwa maantibayotiki, asanapereke chimbudzi. Anawalangiza kuti akafunse kuchipatala chomwe angamwe podikira. Alamu atamva anakhumudwa, akuti ana a masiku ano sukulu ikuwachotsa ulemu.

Masana atelala amalimba. Usiku ndi pamene amagwa m'manja mwa foni ya mwana wawo wamkazi. Amalemba chizindikiro chilichonse pa Google, ndipo kulikonse kumene ayambira, kaya ndi kugeya kaya ndi kulira kwa m'mimba, msewu wake umakathera pa khansa. Apa ine sindiseka nawo kwambiri. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya kum'mero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo ambiri a ife tinaonapo wachibale amene anayamba kukanika kumeza nyama, kenako nsima, kenako phala, pomaliza madzi. Munthu amene anaperekezapo maliro otero akamva kuti akameze kamera, mantha ake ali ndi pochokera. Vuto ndi zimene manthawo akuwachititsa. Atelala tsopano amameza malovu kawirikawiri pofuna kuona ngati njira ikadali yotsegula, ndipo akamameza chonchi amamezanso mpweya, mpweyawo n'kubwerera mwa kugeya, kugeyako n'kuwatsimikizira kuti zinthu zafika poipa. Akuti pakhosi pali chinachake chokhala. Komabe mnyamata wa pachiwaya waulula kuti Lachitatu, akazi awo atapita kumsika, bambowa anamaliza mbale ya tchipisi ndi gizadi popanda chotsamwa chilichonse.

Ndiye kunachitika za tochi. Mlongo wawo, poona kuti maso ayera, anawabweretsera mapiritsi owonjezera magazi. Patapita masiku awiri atelala analowa m'chimbudzi chokumba usiku atanyamula foni, poti tsopano amayendera zimene atulutsa, ndipo kuwala kunawaonetsa zakuda bii. Anakuwa. Foni inatsala pang'ono kukafufuza yokha pansipo. Banja lonse linathamangira kukagogoda kwa anesi opuma ntchito amene amakhala nyumba yachitatu, ndipo mayiwo, ali chimangire chitenje m'khosi, anangofunsa funso limodzi: "Abambo, mukumwa chiyani?" Mapiritsi a ayironi amadetsa chimbudzi, ndipo nesi aliyense wa kusikelo amauza amayi oyembekezera zimenezi. Koma sanawabweze chimanjamanja. Anawauza kuti chimbudzi cha magazi ochokera m'chifu chimakhala chakuda ndi chonanda ngati phula, fungo lake loopsa, ndipo munthu amatha kumva chizungulire. Zikatero, kapena akasanza magazi, kapena chakudya chikamaima pakhosi, kapena akamasanza chilichonse chimene adya, kapena m'mimba mukawawa mwadzidzidzi moti sangathe kuwongoka, asadikire tsiku la m'buku, apite nthawi yomweyo ngakhale ndi pakati pa usiku. Kuonda kopanda chifukwa nakonso n'kofunika kuuza dokotala, anatero, kenako anayang'ana akazi a atelala n'kuwonjezera kuti kuonda kwa m'nyumba muno chifukwa chake chikuoneka, mawa muphike nsomba.

Anesiwo ndi amene anaperekanso ntchito yomwe yathandiza. Anati m'malo momvetsera m'mimba tsiku lonse, azilemba kamodzi kokha madzulo zimene adya ndi nthawi imene mwawawa, kuti adzaonetse dokotala, ndipo mafunso onse obwera usiku azilemba pomwepo m'malo mofunsa foni. Anawauzanso kuti asamagone atangodya, papite maola awiri kapena atatu, ndipo akweze kumutu kwa bedi ndi njerwa. Atelala alibe buku lina koma la miyeso. Ndiye pakati pa "chiuno 34, mwendo 41" ndi "diresi la ukwati, atenga Lachisanu" tsopano pali "bonya, sizinawawe" ndi "kodi kapaipi amakatsuka?"

Funso lomalizali lachokera kusiteji ya minibasi, kumene kapaipi kakukula tsiku lililonse. Lolemba kanali kofanana ndi waya wa tchaja, pofika Lachinayi kondakitala wina anali atakafikitsa pa paipi yothirira dimba. Mkangano waukulu ndi wa khomo lolowera, chifukwa wina anamva kuti pali kamera ina yodzera kumunsi, ndipo anyamata akufuna kudziwa ngati ndi imodzi yomweyo. Si imodzi, koma yankho limeneli silikusangalatsa aliyense. Mayi wina wogulitsa kaunjika anamezapo kapaipiko zaka zapitazo ndipo anayesa kufotokoza: kunenepa kwake sikuposa chala, umapita usanadye kwa maola osachepera 6, amakupopera mankhwala ochititsa dzanzi kukhosi, umagonera kumanzere, umamva mseru ndi kugeya, ndipo pakatha mphindi 10 kapena 15 zatha. Nthawi zina amatsinako kanyama kakang'ono koti akayeze, sumva kuwawa, ndipo kutsinako sikutanthauza kuti apeza choopsa. Anthu anamvetsera mwaulemu, kenako anabwerera kwa kondakitala, chifukwa nkhani ya mayiyo inalibe wokomoka.

Wometa naye wapeza pobwezera. Mphunzitsi wina wa sayansi anamusimbira za William Beaumont, dokotala wa asilikali ku America, amene mu 1822 anachiza mnyamata wotchedwa Alexis St. Martin atawomberedwa mwangozi pamimba pachilumba cha Mackinac. Bala linapola koma linasiya bowo lofika m'chifu, ndipo kwa zaka zambiri Beaumont ankasuzumira pamenepo, kulowetsa tizidutswa ta chakudya tomanga ku ulusi n'kumaona mmene tikugayikira. M'buku lake la 1833 analemba kuti mnyamatayo akakwiya, chakudya chinkachedwa kugayika. Wometa akuuza aliyense wokhala pampando wake kuti azungu anatsimikiza zimene iye ananena kalekale. Ndimupatse theka. Nkhawa payokha kawirikawiri siboola chifu, koma imapotokola m'mimba, imatsegula kapena kumanga, ndipo kaululu kakang'ono imakamveketsa kwambiri. Theka linalo, la kachilombo ndi brufen, amalidumpha.

Kutchalitchi amayi a Mvano anapita Lachinayi kukapemphera nawo ndipo anasiya ufa ndi sopo. Mnyamata wa mneneri wina anabwera pambuyo ndi madzi a m'botolo, n'kunena kuti kupita kukamera ndi kukayikira Mulungu. Mkulu wa mpingo anamufunsa ngati magalasi amene wavalawo anamupatsa ndi mngelo.

Pa onsewa, amene ndikumuona kuti akugwira ntchito yeniyeni ndi mdala wina wa bawo, amene amafika pakhonde dzuwa likapendeka, n'kuyala bawo lake osafunsa n'komwe kuti mwadzuka bwanji m'mimbamo. Atelala akayamba kuti "madala, usiku wa lero," iye amangoti "takatani, nthawi ikutha." Kwa ola lathunthu bambo aja sageya. Zomwezonso zinachitika sabata yomwe analandira oda ya mayunifolomu a sukulu ya mkaka: m'buku la miyeso masiku amenewo mulibe dandaulo ngakhale limodzi.

Nkhani yatsopano, imene yafika dzulo, ndi ya makasitomala. Anthu amene anasiya nsalu zawo chaka chatha n'kuiwala ayamba kubwera mmodzimmodzi, aliyense akuti amangodutsa, kenako n'kufunsa mwaulemu ngati zingatheke kuti chitenje chawo chisokedwe tsiku la kuchipatala lisanafike. Amene ali ndi ngongole kwa atelala ndiye asowa, akudzera njira ya kuseri kwa chigayo. Atelala azindikira zonse ziwiri, ndipo zawakwiyitsa moti nkhope yayamba kubwerera. M'mawa uno anaitana mmodzi wa angongolewo ali patali, mawu ake omveka mpaka kumpopi: "Achimwene, musavutike n'kuzungulira. Kamera ndikameza Lachiwiri, Lachitatu ndili pakhomo panu."