Tsitsaniko Mayi: Mlandu wa Doilo ndi Bonongwe

Pali mtundu wa munthu umene dziko lino silinausowepo, ngakhale m'masiku amene limasowa mafuta a galimoto ndi shuga, ndipo ine ndine chitsanzo chake choyenera kukaikidwa m'galasi ku myuziyamu ya ku Chichiri. Munthu ameneyu akalowa m'sitolo yaikulu amasanduka nkhosa. Apulo amene wagona masiku m'thiraki kuchokera ku South Africa amamutola mwaulemu, mtengo womatidwa pashelefu amauwerenga ngati vesi, ndipo polipira amapereka ndalama ndi manja awiri, jumbo n'kugulanso payokha. Koma angotuluka pakhomo n'kupeza mayi atayala bonongwe pachiguduli, mzimu wa loya umamulowa. "Tsitsaniko mayi," amatero asanamve n'komwe mtengo. Akamutsitsira amafuna basera, akamuikira basera amadandaula kuti masambawo ndi ofota. Kukabwera mayi wina ndi madoilo kapena kachipewa ka khanda koluka pamanja, amakatembenuza uku ndi uku ngati dokotala wa ziweto, kenako n'kufunsa funso lathu lija lamwano: "Kaulusi komweka?"

Anthu ophunzira amati zinthu zathu sizigulidwa chifukwa cha kusowa kwa misika, misewu yoipa ndi mapaketi osakongola. Zonsezo zilipo, sindikukana. Koma ine ndikuti nthenda yeniyeni ili pakamwa pa ogula ngati ine: timakana kulipira nthawi ya munthu amene tikumuona nkhope. Chinthu chikachokera kutali, mwini wake wosadziwika, timachiopa ndipo mtengo wake sitiutsutsa. Chikachokera m'manja mwa munthu wolankhula chinenero chathu, amene tingamutchule kuti mayi, alamu kapena achemwali, timaona ngati ndi chathu kale, kulipirako n'kungomuchitira chifundo. Doilo ndi bonongwe zimaoneka zotalikirana, china cha pampando china cha mumphika, koma mlandu wawo ndi umodzi, ndipo woimbidwa mlanduyo ndi amene akulemba pano.

Tiyambe ndi kaulusi komwe timakaderera kaja. Ntchito imene azungu amati crochet dzina lake ndi lachifalansa, ndipo limangotanthauza kangowe, chifukwa chida chake ndi kasingano kamodzi kopindika kunsonga. Muyang'anitsitseni mayi woluka ali pakhonde: ulusi wauzunguliza pachala cha mkombaphala mpaka wasiyapo mzere, mpira wa ulusiwo wauponya m'jumbo kuti usagubuduzikire m'fumbi, milomo ikugwedera chifukwa akuwerenga mfundo chamumtima. Mukamulankhula ayankha ndi mphuno, kuopa kusokoneza chiwerengero. Akazindikira pa mzere wa khumi kuti analakwitsa pa mzere wachitatu, palibe chigamba, amakoka ulusi ndipo ntchito ya masana onse imasungunuka m'manja mwake ngati mchere m'madzi. Tsono nachi chodabwitsa: makina opanga majuzi alipo kuyambira kalekale, koma mfundo za kangowezi zakhala zikuwakanika makina, moti chinthu cholukidwa ndi kangowe chenicheni, kaya muchipeze ku Limbe kaya ku London, chinadutsa m'zala za munthu mfundo imodziimodzi. Ndiye pamene ndikunena kuti "kaulusi komweka", ulusiwo ndaulipira, chimene ndikupempha kwaulere ndi masiku atatu a moyo wa munthu. Waganyu wosenza katundu ku depoti sindingayerekeze kumuuza zimenezo, angandisiyire thumba langa pakati pa msewu.

Anthu a ku Ireland amaidziwa bwino nkhaniyi. Mu 1845 matenda anagwira mbatata yawo, yomweyi timaitcha kachewere, ndipo njala imene inatsatira inapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi. M'zaka zimenezo masisitere ndi amayi ena achifundo anaphunzitsa akazi ndi ana kuluka ndi kangowe, zolukazo n'kumagulitsidwa kwa anthu olemera a ku England ndi kwina, mabanja ambiri n'kupulumukira pomwepo. Anapulumuka chifukwa panapezeka ogula amene anavomera kuti luso la zala lili ndi mtengo. Amayi aja akanakhala kuti amagulitsa kwa ine ndi anzanga, mbiri ya Ireland ikanakhala yaifupi.

Bonongwe naye timamunamizira chimodzimodzi. Timati amamera yekha, ngati kuti amadzithyolanso yekha, kudzimanga m'timitolo ndi kudzikwerera kabaza kubwera m'tauni. Ndipo ndiwo zambiri za pamsika sizimera zokha n'komwe. Mpiru, repu, tomato ndi kabichi za m'chilimwe zimachokera kudimba kumene munthu amalima ndi khasu n'kuthirira ndi ndowa dzuwa lisanatuluke. Amene anadutsapo pa Lizulu, pa mphambano ya Tsangano kapena pa Jenda anaona milu ya kachewere, anyezi ndi tomato itandandalikidwa m'mbali mwa msewu, ndipo anaonanso mabwana a m'galimoto zozizira akutsitsa galasi pang'ono chabe, kokwanira kutulutsira mawu akuti "mwadulitsa". Bwana yemweyo akafika ku Lilongwe adzagula kabotolo ka ufa wa masamba a chammwamba kolembedwa kuti moringa, pamtengo wa nkhuku yathunthu, osatsutsa. Mtengo wa chammwambawo uli kuseri kwa bafa kwa agogo ake, mbuzi zikudya. Malambe amene tinkamung'unya tili ana lero ku Ulaya amawagulitsa m'timapaketi ngati mankhwala, ndipo ife tayamba kuwalemekeza chifukwa tamva kuti mzungu wawalawa. Chisoso, luni, denje ndi kholowa zikungodikira tsiku limene zidzabatizidwe m'Chingerezi kuti nazo tizilole kulowa m'mbale alendo akabwera.

Wina anena kuti, "Achimwene, mukunyoza amphawi. Munthu amanenerera chifukwa m'thumba mulibe." Mawu amenewa ndi olemera ndipo sindingawakankhire kumbali. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo malipiro a ambiri a ife sanamve n'komwe kuti kunja kwachitika zotere. Mayi wa ana asanu amene akusankha juzi ya pakaunjika m'malo mwa yoluka pamanja sakulakwira dziko, akuwerengera ndalama ya ufa. Koma taonani kumene umphawi wathuwu umasankha kuonekera. Suoneka pogula mayunitsi a foni, suoneka pabala, suoneka polipira kanema wa mpira wa ku England. Umadzuka pokhapokha taima pamaso pa munthu wosauka kutiposa, amene tikudziwa kuti dzuwa likapendeka tomato wake ayamba kulira madzi ndipo agonja basi. Umenewo si umphawi, ndi ukatswiri wodziwa pofewa. Ndipo ngati nkhani ndi kusunga ndalama, mtolo wa nkhwani wotendera ndi nsinjiro unali wotchipa kale tisanayambe kunenerera. Timatsitsa chotsika kale, chokwera n'kuchigwadira.

Wina wochenjera kwambiri, mwina wa digiri, adzati mawu oti "zathu" ndi bodza lokhalokha. Ulusi umene amayi amalukira madoilo wambiri ndi wa akiliriki, wopangidwa kuchokera ku mafuta a pansi, ndipo umabwera kuchokera kunja. Chimanga chimene timachitcha moyo chinachokera ku Mexico, chinangwa ndi mtedza ku South America, tomato ndi kachewere komweko. Makolo akalekale ankadya mapira, mawere, khobwe ndi nzama. Ndiye chathu n'chiti? Apa ndivule chipewa, mfundoyi ndi yoona, ndipo pa ulusi ikuwawa kwambiri. Thonje timalima ku Chikwawa, Nsanje, Balaka ndi Salima, lambiri limatuluka m'dziko litangochotsedwa njere, ife n'kumaitanitsa ulusi wa pulasitiki ndi ndalama zakunja zimene tilibe. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre, imene inagulitsidwa mu 2003, akuluakulu amaikumbukira ngati mmene amakumbukirira mvula ya kale. Koma mfundo yanga sinali pa pasipoti ya mbewu. Chimanga chinachoka ku Mexico zaka mazana apitawo, ndipo palibe wa ku Mexico amene amabwera kudzapalira ku Kasungu. Chimene chimapangitsa chinthu kukhala chathu ndi thukuta limene lagwerapo ndi thumba limene ndalama ikulowa. Ndalama ya doilo, mukachotsa ya ulusi, imakathera kuchigayo, ku banki m'khonde ndi pa yunifolomu ya mwana. Ndalama ya nsalu ya pulasitiki yoyala patebulo imakwera ndege imene ine sindidzakwerapo.

Boma linayesapo kutichiza. Mu March 2016 linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi, ndipo ogwira ntchito m'boma analimbikitsidwa kumavala zachimalawi Lachisanu. Tinamvera ndithu, tinasoketsa malaya a chitenje, ngakhale kuti zitenje zambiri zinali zochokera kunja, n'kumakadya tchipisi ndi soseji titavala chikhalidwe chathu. Mu March 2025 unduna wa zamalonda unaletsa kuitanitsa zinthu zingapo monga ufa, mpunga, zipatso, ndiwo zamasamba ndi chiponde, ndipo pamndandandawo panalinso timitengo totokosera m'mano. Imani kaye pamenepa. Dziko la nsungwi ndi machesi, dziko limene mwana aliyense amadziwa kuthyola kaudzu ka tsache akadya nyama, linafika poitanitsa zotokosera m'mano, mpaka nduna kuchita kulembera kalata. Tanzania inakwiya n'kutseka nayo chipata kwa masiku angapo, akuluakulu anakambirana, zinthu zinabwerera m'malo. Lamulo lingathe kuimitsa thiraki pa Songwe kapena pa Mwanza, koma palibe wapolisi amene angaime pakati pa ine ndi mayi wa bonongwe kuti andigwire pakamwa. Chimene chimandisandutsa wokonda dziko ndi tsiku la 18 la mwezi, m'thumba mutauma. Pamenepo ndimayamikira usipa, ndimafotokozera ana za mavitamini a m'chigwada, ndimanyoza zakudya za m'zitini ndi mawu a mneneri. Malipiro akangolowa, ulaliki wonse umatha.

Kudandaula kumodzi kumene ndikukuvomereza ndi mtima wonse ndi kwa nyengo. Zathuzi zimabwera ngati alendo a pamaliro, onse nthawi imodzi, kenako zii. Mango a ku Salima amaolera pansi mu Disembala, pofika Juni tikumwa juwisi wa m'katoni wochokera kunja. Nthochi za ku Thyolo ndi Mulanje zinatha ndi matenda a chisaka, mpaka tinayamba kudya za ku Tanzania ndi Mozambique. Wogulitsa m'sitolo amafuna katundu wofanana sabata iliyonse, ndipo mlimi wa kadimba kamodzi sangalonjeze zimenezo. Zoona. Komabe agogo athu, amene sanaonepo firiji, anali nalo yankho: ankafutsa masamba a khobwe ndi nkhwani, kuwayanika, n'kuwasunga m'chikwatu, mfutsowo n'kudyedwa mpaka Okutobala. Ife adzukulu tili ndi firiji yodalira magetsi amene amabwera mwa apo ndi apo, ndipo mfutso timauona ngati chizindikiro choti zinthu zavuta pakhomo. Kusunga chakudya ndi ntchito ya manja ngati kuluka komwe, yofuna kudekha, ndipo palibe amene angaigwire mochuluka podziwa kuti ogula ake ndi anthu a "tsitsaniko".

Atsala ndi amuna anzanga, amene afika pano akung'ung'udza kuti nkhani ya madoilo ndi ya azimayi, komanso kuti doilo lilibe ntchito. Za kuluka, pitani ku Nkhotakota kapena ku Mangochi mukauze msodzi amene akusoka ukonde wake kuti akugwira ntchito ya azimayi, mukatiuze mmene zikathere. Mphasa, madengu, malichero, mono ndi nkhokwe amaluka ndi abambo, ndipo nawonso timawanenerera mpaka atatukwana chamumtima. Za ntchito ya doilo, ndikuvomera kuti anthu ena amapyola muyeso. Pali nyumba zimene doilo lili pampando, pawailesi, pa kanema, pamwamba pa firiji ndi pa jagi ya madzi, moti mlendo ukakhala chete nthawi yaitali umaopa kuti nawenso akufunditsa. Koma kwezani limodzi la pa sofa muone pansi pake. Pali bowo limene linabooka chaka cha chisankho chapitacho, thonje likusuzumira, ndipo kaulusi komwe kaja ndi kamene kakhala kakusunga ulemu wa bambo wa nyumbayo pamaso pa apongozi ndi a mpingo zaka zonsezi. Mpando watsopano mtengo wake ndi malipiro a miyezi ingapo. Doilo lija analigula atanenerera, ndipo anapempha kuti amuikire kena kakang'ono ka patebulo ngati basera.