Malume atsala kunja, batani lolembetsera litachotsedwa

Pa 1 April 2004, pamene kampani ya Google inatulutsa Gmail, munthu sunkangodzuka n'kudzitsegulira akaunti. Unkadikira kuti wina amene ali kale m'katimo akuitane, moti ena anafika pogula maitanidwewo pa eBay, mpaka khomo linatsegulidwa kwa aliyense mu February 2007. Facebook nayo inayamba mu 2004 ili ya ophunzira a pa Harvard okha, ndipo anthu wamba analoledwa mu September 2006. Mwini danga lino, mlimi wa nandolo wa kwa Nchema ku Chiradzulu, atamva mbiri imeneyi sanadabwe n'komwe. Kuno kudikira kuti wina akulembe dzina timayamba tili kumsana.

Taonani makuponi a feteleza amene anayamba mu 2005 m'nthawi ya Bingu wa Mutharika. Taonani AIP ya mu 2020, ija thumba la feteleza la makilogalamu 50 linkagulidwa pa K4,495. Taonani Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006. Monsemo munthu sudzilemba wekha. Amakulemba ndi ena, ndipo chiphaso cha unzika chimangochitira umboni kuti dzina lili m'kaundulalo ndi lakodi. Kaundula amene satsekedwa ndi wa chipepeso cha maliro, wa kuumba njerwa za sukulu ndi wa kulambula msewu. M'menemo mkuluyu amapezeka pamzere woyamba chaka ndi chaka, asanapemphe n'komwe.

Tsono gulu la alimi a nandolo la m'mudzi mwake, lomwe limachitanso banki m'khonde, linatopa ndi buku la mlembi limene mbewa zinadya masamba a ngongole okhaokha. Mwana wa mlongo wake, mnyamata amene anaphunzira za makompyuta ku Blantyre, anawakonzera tsamba la pa intaneti: membala aliyense azilowa pa foni, aziona masheya ake, ngongole yake ndi makilogalamu amene wapereka. Mkuluyu anayamba kuyenda mapewa m'mwamba. Pachigayo, pamjigo, ngakhale pamaliro, nkhani inali imodzi: "Amene wapanga zimenezi ndinamulera ndine."

Mnyamatayo anasiya batani la "Sign up" lili lotsegula kuti mamembala azidzilembetsa okha. Sipanapite nthawi gulu linakula modabwitsa. Munalowa anthu a mayina a zilembo zosakaniza ndi manambala, ena otsatsa juga, ena mankhwala a mphamvu za abambo, ena olonjeza ngongole za madola. Wapampando anayamba wasangalala, poganiza kuti nandolo wa kwa Nchema wamveka kunja. Mnyamata anafotokoza kuti ambiri mwa alendowo si anthu ayi. Ndi timapulogalamu totchedwa ma bot, timene timayendayenda pa intaneti usana ndi usiku, tikapeza fomu yotsegula n'kuidzaza. Koma si onse anali a kunja. Mayi wina anapezeka kuti walembetsa kawiri, kachiwiriko m'dzina la agogo ake amene gulu lomwelo linawasonkhera chipepeso chaka chatha.

Pamsonkhano wotsatira, amene analankhula motalika ndi mwini danga lino. Anaimirira, n'kuvula chipewa, n'kuloza kumwamba. "Atsekeretu! Gulu si msika wa Limbe woti aliyense azingolowa." Amayi anaimba nthungululu.

Kutsekako kuli ndi luso lake. Amene amagwiritsa ntchito WordPress amadziwa kabokosi kolembedwa "Anyone can register", kamene kamabwera kosachonga, ndipo anzeru amakasiya choncho. Koma pa tsamba lodzipangira, kuchotsa batani pamaso sikukwanira. Kuli ngati kupachika chitenje pakhomo lopanda chitseko, galu wodziwa njira amalowabe. Bot siyang'ana batani, imatumiza fomu molunjika ku adiresi yolembetsera. Ndiye mnyamata anatseka ku seva komweko, kuti pempho lililonse la akaunti yatsopano lizikanidwa. Amene anali kale m'kati anapitiriza kulowa ndi mapasiwedi awo, mayina achilendo anafufutidwa, agogo aja anagonanso mumtendere. Kuyambira pamenepo akaunti yatsopano amatsegula ndi munthu mmodzi, admin, ndipo amatumiza linki yoitanira imene imafa ikapanda kugwiritsidwa ntchito msanga.

Madzulo ake mkuluyu anagula bandulo, n'kukhala pakhonde kuti aone masheya ake. Tsamba linamufunsa dzina. Analemba. Linati silikumudziwa. Analembanso, ulendo uno n'kuwonjezera "Mr" kutsogolo. Linakanabe. Masiku onse aja khomo lili lotsegula, agogo omwalira akulowa, iye ankati malume wa mwini tsamba salembetsa, makina amangomuzindikira.

Anaimba foni ku Blantyre.

"Iwe, kompyuta yakoyi siikudziwa kuti ndine ndani?"

"Pepani malume, ine za mamembala ndinachokamo. Admin ndi amayi mlembi. Paja munanena nokha kuti wolowa azidzera kwa iwo."

Apa mwini danga lino akuvomereza, ngakhale kukhosi kuli kowawa, kuti mwanayo anachita mwanzeru. Tsamba losunga ngongole za anthu silifunika khomo la aliyense, ndipo wolikonza sayenera kulowetsa abale ake kuseri. Vuto n'lakuti batani silisunga mangawa, pamene munthu amasunga. Amayi mlembi anamulandira bwino, anamupatsa mpando, anamufunsa za kunyumba, kenako anatsegula buku lija pa tsamba limene mbewa zinasiya.

"Bambo, kulemba ndikulembani. Koma kaja munatenga nthawi yopalira kaja mukutani nako?"

Nkhuku ziwiri zinapita kumsika. Ngongole itatha, amayi mlembi anatumiza linki ku nambala imene ili m'buku la gulu. Nambala imeneyo ili ndi mbiri yake. Mu 2018, MACRA italamula kuti SIM iliyonse ilembetsedwe, mkuluyu anaona kutalika kwa mzere n'kutuma mayi a kunyumba ndi chiphaso chawo. SIM inalembedwa m'dzina lawo, ndipo patapita nthawi inasamukira m'foni mwawo, iye n'kugula ina imene sanauze gulu.

Linki inafika mayi ali pamtondo. Anaitsegula, n'kusankha pasiwedi imene mpaka lero sanaulule. Tsopano madzulo a tsiku la banki, nsima isanafike, amakhala pamkeka n'kumuwerengera mokweza masheya ake, chiwongoladzanja, ndi ngongole ina ya mu June imene kunyumba inkadziwika kuti inali mphatso yochokera kwa mnzake wa ku Johannesburg. Mkuluyu wapempha akaunti yachiwiri. Amayi mlembi ati lamulo ndi membala mmodzi akaunti imodzi, ndipo m'maminitsi zikuoneka kuti amene anabweretsa mfundoyo ndi iye yemwe.