Mbewa ya Manyazi Yatsegula Wailesi

Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Mwambiwu timautulutsa msanga tikaona mlendo akukana nsima m'mimba mukulira, kapena mnyamata akuzungulira pachitsime chaka chathunthu osatula mawu ake. Koma palibe adafunsapo kuti adaupeka ndani. Ine ndikukayikira munthu mmodzi, uja wa khasu paphewa, udzu wouma m'khwapa ndi machesi m'thumba, ataima pakhomo pa una n'kumalangiza mbewa kuti manyazi ndi oipa. Mbewa imene idamvera malangizowo tikudziwa kumene idathera. Kwerani minibasi m'chilimwe kuchoka pa Balaka kulowera ku Ntcheu, mukaipeza ili pampani pamodzi ndi abale ake, yothira mchere, mnyamata akuigwedeza pawindo.

Kunja kuno kuli oyimba amene adaumva mwambiwu n'kusankha una mwadala. Nyimbo zawo amapanga ndi makina. Ng'oma ndi ya makina, kugunda kwake kumamvekera m'chifuwa osati m'khutu, ndipo mutha kudikira mphindi khumi osamva munthu akutsegula pakamwa. Ku Berlin, malo ovinira otchedwa Tresor adatsegulidwa mu 1991 m'chipinda cha pansi pa nthaka momwe sitolo ina yakale inkasungiramo ndalama. Ndiye kuti anthu ankavala bwino, n'kulipira pakhomo, kuti akalowe kuuna. Abale awo ena amakonda nyimbo za chisoni ndi mdima, ndipo kuyambira 1992 amasonkhana chaka ndi chaka mumzinda wa Leipzig, anthu zikwizikwi, onse atavala zakuda, ena atadzola ufa woyera kumaso. Gulu limeneli litati litsike basi pa Ntaja, amayi akhoza kuyamba kusonkha ufa ndi nkhuni, abambo n'kumafunsana chapansipansi kuti zovutazi zagwa nyumba iti.

Anthu otere ali ndi mawailesi awo. Rinse FM ya ku London idayamba mu 1994 yopanda chiphaso, anyamata akubisa zida zoulutsira mawu pamadenga a nyumba zosanja, boma likuzula, iwo akudzalanso. Mmodzi mwa iwo, DJ Slimzee, khoti lidamuletsa mu 2005 kukwera pamadenga a nyumba zitalizitali m'dera lakwawo. Mbewa imeneyo una wake udali kumwamba. NTS Radio idayamba mu 2011 m'kachipinda kakang'ono ku Dalston, ku London komweko, ndipo imamveka pa intaneti pokha. Palinso ma podcast, mapulogalamu amene sadikira kuti mutsegule wailesi nthawi yake ikakwana: mumawakopera m'foni n'kumvera nthawi imene mwafuna.

Chimene chingamudabwitse Mmalawi pa mapulogalamu amenewa ndi ulemu wochepa wa muulutsi. Munthu amakhala pa maikolofoni maola awiri osapereka moni kwa wina aliyense. Alibe apongozi ku Nselema, alibe mlamu ku Liwonde, alibe anzake amene adaphunzira nawo sitandade 5. Amangong'ung'udza dzina la nyimbo kamodzi pa theka la ola ngati akuopa kudzutsa mwana. Ife tidaleredwa ndi Zokonda Amayi, kumene nyimbo imadikira kaye mpaka mudzi wonse utapatsidwa moni. Ndipo lamulo lalikulu la kuunako ndi ili: nyimbo ikadziwika ndi anthu ambiri ndiye kuti yawonongeka. Woyimba akangomveka m'sitolo yogulitsa nsapato, omutsatira ake akale amamulira ngati wamwalira.

Tsono tibwere kwathu kuno kwa Kawinga. Choyamba, mbewa iyenera kudziwa kuti m'Malawi muno mulibe malo ena otetezeka kuposa kuno. Anthu ambiri ndi Asilamu, mbewa sadya. Itha kutuluka masana, kukhala pakhonde, kuwothera dzuwa, mdani wake n'kukhala mphaka yekha. Ndiye ngati pali dera limene mwambi uja uyenera kuunikidwanso, ndi lino.

Una wathu uli pamsika. Pa Ntaja, pa Nsanama, pa Nselema, simungalephere kupeza kachipinda kapena kabenchi pamene pali kompyuta, sipika imodzi yong'aluka ndi mnyamata wobena nyimbo. Mumamupatsa memori khadi ndi kandalama kochepa, n'kunena kuti, "Achimwene, ndiikireni zatsopano." Basi. Simutchula woyimba, simutchula nyimbo. Iyeyo ndiye mkulu wa mapulogalamu, iyeyo ndiye bungwe lounika nyimbo, ndipo palibe wa ku MACRA amene adamufunsapo chiphaso. Zimene wakuikiranizo zimakalira pa njinga yamoto ya kabaza, mometera tsitsi, m'kanyumba koonetsera mafilimu, pa foni ya mlonda. Wa kabaza mmodzi womangirira sipika kutsogolo, akachoka pa Ntaja kupita kunyanja ya Chiuta, waulutsa mawu midzi yambiri kuposa mmene mawailesi ena okhala ndi maofesi amafikira. Wokwera sangasinthe siteshoni. Akafuna kutero atsike.

M'makhadi amenewa mumapezeka zinthu zimene wailesi yolemekezeka singaziyandikire. Muli manganje opangidwa pa kompyuta ndi pulogalamu ya FL Studio, othamangitsidwa mpaka anamwali enieni sangawavine osapuma. Amajambulidwa m'chipinda chokhomedwa mabulangete ndi matileyi a mazira, magetsi a sola, woyimba akudikira kuti tambala wa aneba amalize kaye. Muli gqom wa ku Durban, nyimbo yolemera ndi yamdima imene idakulira m'mataxi a kumeneko ndipo kuno idabwera m'matumba a anyamata obwera ku Joni, pamodzi ndi majekete ndi mawailesi a mawilo. Nyimbo zambiri zilibe ngakhale dzina. Ina imatchedwa Track 07. Ina dzina lake ndi zilembo AUD zotsatana ndi manambala ambirimbiri, chizindikiro chakuti idadutsa pa WhatsApp. Muulutsi wa ku London atha kugona ndi njala kuti apeze nyimbo yosadziwika mwini wake. Kuno timangopatsidwa, ngakhale osaifuna.

Mdzukulu akaiyatsa usiku, anganga amafuula ali m'nyumba: "Iwe, chigayo chimenecho akugayitsa ndani usiku uno?"

"Ndi nyimbo, anganga."

"Nanga woyimbayo ali kuti?"

"Sanayambe."

"Akayamba undidzutse."

Koma pali kusiyana kumodzi pakati pa mbewa ya ku Berlin ndi ya kwa Kawinga, ndipo ndi pamene mwambi uja umapunthwa. Yathuyi manyazi ilibe ngakhale pang'ono. Nyimbo isanayambe n'komwe, mnyamata watchula kale dzina lake katatu, dzina la situdiyo kawiri, mudzi wake, ndipo ena amafika poika nambala ya foni. Wa ku Berlin amabisa nkhope, amakana kujambulidwa, amatulutsa mbale yopanda chithunzi. Wathuyu atati aitanidwe ku Zodiak lero, akhoza kubwereka suti ya ukwati ya amalume ake n'kufika pageti kusanache. Kuuna sadakusankhe. Chimamusunga kumeneko ndi mtunda wa ku Blantyre ndi Lilongwe, mtengo wa minibasi, ndi kanthu kena kamene oyimba akhala akudandaula kuti ena oulutsa nyimbo amayembekezera kuti kaperekeze nyimboyo. Mbewa imeneyi ikafa, a chipatala asalembe kuti manyazi. Alembe kuti thiransipoti.

Tisaiwalenso kuti dziko lino lidakhalapo una lonse lathunthu. M'nthawi ya Kamuzu wailesi idali imodzi, MBC, ndipo lamulo la 1968 lidapatsa bungwe lounika zosangalatsa mphamvu pa chilichonse cholowa m'maso ndi m'makutu. Nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia idaletsedwa chifukwa dzinalo lidali la Mama Kadzamira. Mu 1992, maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo ija yodzudzula boma, abambo ambiri olemekezeka adasanduka akatswiri a wailesi ya mseri. Ankatseka mawindo, kuthamangitsa ana, kuchepetsa mawu mpaka khutu litagunda wailesi, n'kumasaka BBC kapena wailesi ya ku South Africa pakati pa phokoso. Pa nthawi imeneyo mbewa zolimba mtima ndizo zinkathera kundende ya Mikuyu. Za manyazi zidakalipo mpaka lero, zikulandira penshoni.

Ndipo nyimbo za makina si zachilendo kuno. Ku Balaka, kumene Alleluya Band idayambira mu 1978, Paul Banda adatsegula situdiyo ya Imbirani Yahwe, ndipo kiyibodi ndi ng'oma za makina zidabala kayimbidwe kamene dziko lonse lidadzakatcha ka ku Balaka. Anyamata a m'tauni okonda nyimbo za ku America ankakanyoza kuti n'ka kumudzi, uku matepi ake akutha kwa O.G. Issa ku Limbe. Mng'ono wake, Lucius Banda, amene adatisiya mu 2024, adalawa mbali zonse ziwiri: adakhalapo phungu wa Nyumba ya Malamulo, ndipo m'nthawi ya Bingu wa Mutharika nyimbo zake zidatsekeredwa khomo pa MBC. Kodi zidafa? Zidalira m'minibasi iliyonse, m'bala iliyonse, ndipo kuletsedwako kudakhala ngati malonda aulere. Boma likakubwezera kuuna, anthu amakutsatira komweko.

Mawailesi adachuluka mu ulamuliro wa Bakili Muluzi, mwana wa kwa Kapoloma pafupi ndi Ntaja pomwepa. Power 101 idabwera mu 1998, Capital FM mu 1999, ndipo Zodiak idatsatira mu 2005 iye atachoka kale. Lero makomo ndi ambiri, a mipingo, a mizikiti, a m'madera, a andale. Chodabwitsa n'chakuti mukapotokola kabatani kuchoka kumanzere mpaka kumanja masana a Loweruka, mumakumana ndi nyimbo zomwezomwezo zikupatsana moni.

Tsono kwabwera alenje a mtundu watsopano. Sanyamula khasu, amanyamula chikwama chakumsana ndi kamakina kojambulira mawu, ndipo mbewa imene akufuna ndi ija ili pansi kwambiri. Singeli ya ku Dar es Salaam, nyimbo yothamanga ngati yaba, idabadwira m'makwalala a anthu osauka, kenako kampani ya Nyege Nyege Tapes ya ku Kampala idatulutsa chimbale cha Sounds of Sisso mu 2017. Posakhalitsa anyamata a kumeneko adayamba kukwera ndege kukayimba ku Ulaya. DJ Lag wa gqom adapezeka pa chimbale cha Beyoncé mu 2019. Kuno kwathu, kampani ya 1000HZ ya ku Poland idatulutsa nyimbo za Tonga Boys. Sindikunena kuti alenje amenewa ndi oipa. Ambiri amakondadi nyimbozo, ndipo ena amalipira bwino kuposa abale athu amene amavina ukwati wonse ndi nyimbo ya munthu osamupatsa ngakhale fanta. Koma mlenje ndi mlenje, ndipo mbewa yanzeru imafunsa kaye za mgwirizano wolembedwa, ndi kuti a COSOMA akulidziwa dzina lake kapena ayi.

Mbewa zina zidatuluka n'kunenepa. Rinse FM, imene boma linkaithamangitsa pamadenga, idalandira chiphaso mu 2010. Mu 2024 dziko la Germany lidaika nyimbo za makina zija za ku Berlin, zotchedwa techno, pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kutetezedwa. Taganizani, phokoso limene makolo ankaitanira apolisi tsopano lili ndi satifiketi ya boma. Ana a kumeneko amene akufuna kukwiyitsa makolo awo akuyenera kukumba una wina.

Tiyerekeze kuti mlenje wotere wafika pa Ntaja. Adamva kanyimbo kena ka manganje a pa kompyuta, kong'aluka mawu, kopanda dzina, ndipo adakaulutsa pa pulogalamu yake 2 koloko usiku, akunong'ona kuti aka n'kosowa kwambiri, osadziwa kuti kuno kadalira pa zinamwali zonse za chaka chimenecho mpaka nkhuku zidakaloweza. Mwini nyimbo sadaimve pulogalamuyo, chifukwa maola awiri a intaneti amadya bandulo imene iye amaisunga sabata yathunthu. Atafunsafunsa, mlendo uja wamupeza mnyamatayo. Mnyamata wasangalala, wathamangira m'nyumba, watulutsa nyimbo yake yatsopano. Adagulitsa matumba a mpunga, adapita ku Blantyre, adajambulitsa mu situdiyo yeniyeni, mawu osalala, oyera, akumveka ndendende ngati woyimba wa ku Lagos.

Mlendo nkhope yagwa. Akufuna ija yakale, yong'aluka, ya tambala kumbuyo.

"Bwana, imene ija inali yongoyeserera. Sipika inali yakufa."

Mlendo akuti yomweyo. Ndiye kusaka kwayamba. Kompyuta imene adapangira nyimboyo idagwidwa vairasi, wokonza adafufuta zonse. Wobena nyimbo pamsika adaichotsa chaka chatha kuti apeze malo a mafilimu a ku Nigeria omasuliridwa m'Chichewa. Foni ya mwini wake idagwera m'madzi kudambo. Yatsala pamalo amodzi, m'khadi la wa kabaza wina, amene panopa wanyamula mayi ndi mbuzi kupita ku Nayuchi, ndipo pa foni akuti kubwerera lero n'kotheka, bola mzunguyo aonjezere ya mafuta.