Okapi, mfumu ya m'thumba

Ulemu upite kwa okapi, kampeni kopinda kogona m'thumba la buluku la mwamuna wa ku Chiradzulu! Sikadzionetsera. Mukakumana ndi mkulu pamsika wa Mbulumbuzi kapena ku Namitambo simungadziwe kuti ali nako, kufikira wina atabwera ndi nzimbe. Pamenepo dzanja lilowa m'thumba, mumva kuti kete kete, chitsulo chatambasuka, ndipo onse okhala pansi pa mtengo adziwa kuti nkhani ya nzimbeyo yatha.

Ku Scotland, kwawo kwa Bishopu Mackenzie amene anamanga mishoni pa Magomero mu 1861, amuna akavala kilt, siketi ya chikhalidwe chawo, amatsomeka kampeni m'sokosi, chigwiriro chokha n'kumasuzumira. Amakatcha sgian dubh, kutanthauza mpeni wakuda. N'kokongola ndithu, koma kamadikira ukwati ndi chikondwerero, ndipo tina ta masiku ano n'tosanola n'komwe. Okapi alibe tchuthi. M'mawa wadula luzi, masana wasenda chinangwa, wapala nsungwi zolukira lichero, madzulo mlendo akafika ndiye wazinga nkhuku. Ndani m'mudzi muno amagwira ntchito zonsezi osafunsa malipiro?

Ndiye dzina lakelo, abale! Okapi ndi nyama yamanyazi ya m'nkhalango za Congo, m'bale wake wa kadyamsonga, yobisala kotero kuti azungu anaidziwa mu 1901 kudzera mwa Harry Johnston, yemwe uja anayamba kulamulira dziko lino mu 1891 atakhala ku Zomba. Mu 1902 osula a ku Solingen, m'dziko la Germany, anapatsa mpeni wawo dzina la nyamayo. Kuyambira 1988 umapangidwa ku South Africa. Kuno ambiri anauona koyamba ukutuluka m'sutikesi za obwera kuchokera ku Joni, pamodzi ndi bulangete ndi wailesi. Mabulangete aja anang'ambika, mawailesi anafa, koma okapi wa agogo, wa chigwiriro chamtengo chokhala ndi mwezi ndi nyenyezi, akadali wakuthwa bola umuonetse nsangalabwi.

Zimandiwawa kuti achifwamba a m'matauni anamuipitsira mbiri, moti ena akamva dzina lake amaganiza za magazi. Mlandu umenewo si wake. Pitani mukaone mlimi akumezanitsa mango, mmene chitsulocho chikung'ambira kanthambi mosamala osaphonya, kenako n'kukoka kamphete kakumsana, kupinda, kubwezera m'thumba. Mtengo umenewo udzadyetsa adzukulu ake.